Mawu akamasemphana ndi milomo pa Fire TV Stick

Konzani limoti ndi vidiyo yoonetsa munthu akulankhula, milomo ikuoneka bwino.

1. Zulani Fire TV Stick (kachipangizo kolumikiza ku TV koonerera mavidiyo a pa intaneti) kumagetsi, dikirani mphindi imodzi, mulumikizenso. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepa.
2. Yesani pulogalamu ina. Ngati ikuvuta ndi imodzi yokha, lowani Settings > Applications > Manage Installed Applications, muisankhe, mudine Clear cache.
3. Chotsani sipika kapena mahedifoni a Bluetooth, amachedwetsa mawu.
4. Mu Settings pitani ku Display & Sounds > Audio > Surround Sound, musankhe PCM.
5. Mu Audio momwemo tsegulani AV Sync Tuning. Muona kampira kodumphadumpha ndipo muzimva kulira. Sunthani ndi limoti pang'onopang'ono mpaka kulirako kuzimveka pomwe kampirako kakugunda pansi.

Ambiri amalakwitsa pa 5. Ngati soundbar (sipika yaitali ya TV) kapena TV yanu ili ndi audio delay (pochedwetsera mawu) yakeyake, yambani mwaibweza pa 0, apo ayi muchedwetsa mawu kawiri.