Chitseko cha MGB yanga chinkakhula

Galimoto yanga ya MGB ya 1975 inayamba kuvuta chitseko. Ikaima pansi chinkakhula chakumtunda, ndikaikweza pa jeke mpata n'kutseguka. Mahinjesi analibe vuto. Galimotoyi ilibe chesesi chapadera, bodi ndiyo imasenza zonse, ndipo poti ilibe denga lachitsulo, mphamvu yake yagona pa ma sill, zitsulo za pansi pa zitseko. Nditabaya ndi sikuludilaiva, dzimbiri linangoti waa pansi, chonsecho penti kunja ali bwinobwino.

Ndisanadule chilichonse, ndinawotcherera paipi yopingasa pa mpata wa chitseko kuti bodi isapindike. Apa musachite mphwayi ndithu. Ndinakonza mbali imodzi kaye, chitseko chili pomwepo choyezera mpata, n'kusintha zitsulo zonse za sill, ngakhale chitsulo choimirira cha mkati chomwe ambiri amachisiya poti sichioneka. Pomaliza ndinapopera phula loteteza ku dzimbiri.

Koma galimotoyi inkapendamabe pokhota. Mu 1974, malamulo a ku America anachititsa kuti ma MGB aziwaika mabampala olemera a labala ndi kuwakweza inchi imodzi, n'chifukwa chake inkapendama. Ndinaika anti-roll bar, chitsulo chochepetsa kupendama, kumbuyo monga fakitale inachitira mu 1977, kupendamako kunachepa.