Musanagule tiyi kapena makapisozi ochepetsa thupi

Ine ndinamwapo tiyi wochepetsa thupi kwa masabata awiri. Sikelo inatsikadi ndi makilogalamu atatu, koma usiku uliwonse ndinkadzuka kangapo kuthamangira kuchimbudzi, ndipo tsiku lina miyendo inandikokana ndikukwera masitepe mpaka ndinakhala pansi. Amene ankachoka m'thupi anali madzi, mafuta ali pomwepo. Nditasiya, kulemera konse kunabwerera.

Ndiye musanatulutse ndalama, tembenuzani paketi muwerenge zomwe asakanizamo. Mukaona mawu akuti senna, dziwani kuti ndi mankhwala otsegula m'mimba. Mukamamwa masiku ambiri mumataya potaziyamu, mchere wothandiza mtima kugunda bwino. Paketi yosalembedwa zomwe zilimo, isiyeni. Ngakhale mawu akuti "zachilengedwe" asakunamizeni: makapisozi ena otere apezekapo ali ndi sibutramine, mankhwala omwe anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku United States mu 2010 chifukwa ankawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Za DNP, mankhwala oopsa omwe ena amagulitsa ngati ochepetsa thupi, ndiye musayerekeze n'komwe. Imatenthetsa thupi mpaka munthu kumwalira, ndipo palibe mankhwala oithetsa mphamvu.

Lonjezo la ogulitsa loti muchepa thupi msanga nalonso liunikeni. Madokotala amalangiza kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Kutsika mothamanga kumadya minofu, komanso kungayambitse timiyala mu ndulu.

Ngati muli ndi shuga kapena BP, kapenanso ndinu oyembekezera, kawonetseni kaye adokotala paketiyo. Ngati munayamba kale kumwa ndipo mtima ukuthamanga kapena mukumva chizungulire, siyani lero lomwe, mupite kuchipatala botololo lili m'manja.