Momwe mungasankhire ndi kumanga eriyo ya wailesi ya CB pa galimoto osawotcha wailesi yanu

Anthu ambiri akafuna CB (Citizens Band, wailesi yoyankhulirana ndi anthu ena pa mtunda waufupi) ndalama zonse amathera pa wailesiyo, eriyo nkungotola iliyonse yomwe wogulitsa wawaloza. Inenso ndinatero ndipo wailesi yanga yoyamba inapsa mwezi usanathe, nde musanagwire sipanala tamvani kaye.

CB imagwira pa 27 MHz, mawailesi ambiri ali ndi matchanelo 40 kuyambira 26.965 kukafika 27.405 MHz, ndipo m'mayiko ambiri mphamvu yololedwa pa AM ndi ma watts 4 basi. Kutanthauza kuti kaya mwagula ya dzina kaya yotchipa zonse zikutulutsa mphamvu yofanana, chomwe chimapangitsa kuti uyu azimveka patali uyo ayi ndi eriyo ndi mmene wayimangira. Za layisensi funsani komwe muliko chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko.

Choyamba, kusankha. Lamulo lake ndi limodzi, yaitali imaposa yaifupi. Funde la CB ndi lotalika pafupifupi mamita 11, ndipo eriyo yoti igwire bwino popanda zochenjerera imafunika kota ya pamenepo, mamita 2.7 kapena kuyandikira. Ndiyo ija yachitsulo yowonda ya mainchesi 102 yomwe amaikira sipuling'i kunsi. Palibe yoiposa, koma iziyamba yagunda nthambi, mageti ndi denga la galaja mpaka mutatopa nayo. Zina zonse zomwe mumaziona zazifupizi anazifupikitsa pokulunga waya ngati koyilo, ina koyilo ili kunsi, ina pakati, ina kumtunda. Za fiberglass ngati za Firestik waya wake amakulunga mothinana chakumtunda, nchifukwa chake zimachita bwino mukazimanga mmunsi ngati pa bampala kapena mmbali mwa bodi bola mutu wake utulukire pamwamba pa denga. Za koyilo kunsi, zambiri ndi zamaginito zija, malo ake ndi padenga penipeni. Mukaziika mmunsi koyilo imabisala kuseri kwa chitsulo basi mwataya ndalama.

Ngati simukufuna kuboola galimoto tengani yamaginito, koma dziwani kuti padenga la aluminiyamu kapena la fiberglass maginito sagwira, komanso kamchenga kakalowa pansi pake penti imakalika yonse. Ndipo tieriyo tija totalika ngati chikhato tolembedwa manambala akuluakulu a ma watts pa paketi tisiyeni, nambala imeneyo imangonena mphamvu yomwe kangapirire osati kutalika komwe mungamveke. Ine ndimati isachepere mita imodzi, ikapitirira ndi bwino.

Chachiwiri, malo. Pakati pa denga ndi pomwe pamaposa ponse chifukwa chitsulo chazungulira mbali zonse. Mukaika pakona, mawu amapita kwambiri mbali yomwe kuli chitsulo chochuluka, mwachitsanzo yakumbuyo kumanzere imamveka bwino kutsogolo chakumanja. Sizoopsa, ingodziwani. Chofunika nchakuti gawo lalikulu la eriyo, magawo awiri mwa atatu ngati nkotheka, likhale pamwamba pa denga ndipo isagundane kapena kuyandikana kwambiri ndi kebini. Zoika ziwiri mbali ndi mbali ngati mathiraki akuluakulu musavutike nazo pa galimoto yaying'ono, zimafuna mpata wa pafupifupi mamita 2.7 pakati pake ndi chingwe chake chapadera.

Tsopano pano ndi pomwe ndinagwa nayo, nde ndichedwapo.

Eriyo yomwe mwagulayo ndi theka chabe, theka linalo ndi bodi ya galimoto yanu. Bulaketi yomwe mwamangirapo iyenera kukhudzana ndi chitsulo cha galimoto, chitsulo chenicheni chonyezimira osati penti. Ine ndinamanga bulaketi yakuda yopakidwa penti yokhuthala pa bodi ya pikapu yopakidwanso penti, mabawuti ndinakunga mpaka dzanja kuwawa, ndikuyang'ana ndikuti ntchito ndi imeneyi. Wondigulitsa anandiuza kuti eriyoyi ndi yochuna kale ku fakitale palibe chifukwa chogulira SWR mita, kachipangizo kosonyeza mphamvu yomwe ikubwerera mu wailesi mmalo motuluka pa eriyo. Bodza limenelo, palibe eriyo yomwe ingachunidwe isanafike pa galimoto yomwe ikakhalepo. Ndinayatsa, ndikumva anthu akuyankhula, ndinati zatheka. Koma ndikayankha aliyense ankangoti mukumveka ngati muli m'chitsime, ndipo kumbuyo kwa wailesi kunkatentha koti sungagwire. Tsiku lina inangosiya kutumiza, kumva ikumva koma kuyankhula ayi. Wokonza atatsegula anapeza transistor yomalizira ija yapsa, chifukwa mphamvu yomwe imayenera kutuluka pa eriyo inkabwerera mu wailesi.

Nditakonzetsa ndinagula SWR mita ija. Singano inkathamangira kofiira pa tchanelo 1, pa 20, pa 40, ponseponse. Mmalo moganiza ndinatenga sowo nkuyamba kudula eriyo poti ndinamva kuti imachunidwa podula. Ndinadula kamodzi, kawiri, kachitatu singano osasuntha ngakhale pang'ono, eriyo yabwinobwino nkuonongeka. Mverani apa: SWR ikakwera kupitirira 3 pa matchanelo onse vuto si kutalika kwa eriyo, vuto ndi graundi (kukhudzana kwa bulaketi ndi chitsulo cha galimoto kuja) kapena shoti penapake. Musadule kanthu.

Chomwe chinandipulumutsa ndi multimeter wamba, pa mbali ija imalira mukagunditsa nsonga ziwiri. Chotsani chingwe ku wailesi, masulaninso eriyo pa bulaketi, kenako yezani zitatu izi. Kapini kapakati ka pulagi ya PL-259 (ya kumapeto kwa chingwe cha eriyo) ndi chikopa chake chakunja, isalire, ikalira pali shoti. Kapini komweko ndi bawuti ya pamwamba pomwe eriyo imalowa, ilire. Chikopa chakunja cha pulagi ndi chasisi cha galimoto, ilirenso. Kwa ine yachitatuyi inangoti zii. Ndinamasula zonse, kupala penti ndi sandipepa pansi pa bulaketi komanso mozungulira mabowo a mabawuti mpaka chitsulo kuwala, nkuikapo mawasha a mano aja. Popeza bodi ya pikapu simagwirana bwino ndi chasisi ndinawonjezera lamba wa waya wolukidwa, wamfupi komanso wotambalala, kuchoka pa bulaketi kukafika pa chasisi. Kawaya kowonda kotalika sikathandiza ngakhale multimeter italira. Pomaliza pakani kagirizi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe pomwe mwapalapo.

Pali kenanso kamodzi pomwepa, kawasha koyera kapulasitiki komwe kamabwera ndi bawuti ya eriyo. Anthu amakataya poganiza kuti nkongotetezera mu paketi, ena amakaika kunsi. Pa mabawuti omwe pulagi imalowa kunsi, kawashaka kamakhala pamwamba pa bulaketi, kamlomo kake kalowe mu bowo, ntchito yake ndi yoti eriyo isakhudze bulaketi. Kakasowa kapena kakasweka chifukwa chokunga kwambiri nde shoti ija. Ngati galimoto yanu ndi ya fiberglass yopanda chitsulo chokwanira, zonsezi sizikukhudzani, funani eriyo yolembedwa NGP (No Ground Plane, yosadalira chitsulo cha galimoto) yomwe imabwera ndi chingwe chakechake ndipo chimenecho sadula.

Chingwe chikhale cha ma ohm 50, RG-58 kapena RG-8X. Cha TV chija ndi cha 75, musalole wina akuuzeni kuti ndi chimodzimodzi. Mukamagula sendani pang'ono kumapeto muone ukonde wa mkati, zina zotchipa timawaya take nkuchita kuwerengeka. Podutsitsa pewani kuchipana ndi chitseko, kuchipinda kwambiri kapena kuchiyandikiza ku ekizozi, ndipo chotsala musachikulunge kakoyilo kothina, chipindeni momasuka ngati nambala 8 nkumanga pakati.

Kuchuna tsopano. Imikani galimoto pabwalo kutali ndi nyumba, mitengo ndi mawaya amagetsi, zitseko ndi boneti zotseka, inu mkati, pasakhale munthu woima pafupi ndi eriyo. Mita imalowa pakati pa wailesi ndi chingwe cha eriyo pogwiritsa ntchito kachingwe kakafupi. Pa tchanelo 1 ikani switchi ya mita pa FWD, dinani maiki, zungulizani kabatani mpaka singano ifike pa SET, kenako REF nkuwerenga. Chitaninso chimodzimodzi pa 40, ndipo musamadine nthawi yaitali. Nambala ya pa 40 ikaposa ya pa 1 eriyo yatalika, ifupikitseni. Ya pa 1 ikaposa ya pa 40 yafupika, italikitseni. Zambiri zili ndi kasikuluwu kumutu kapena kunsi kosunthira, nde sunthani pang'onopang'ono, mamilimita atatu kapena asanu, nkuyezanso, ndipo ngati ili ndi kachipewa kapulasitiki kumutu muzikabwezera nthawi iliyonse musanayeze chifukwa kamasintha nambala. Pansi pa 1.5 ndi bwino kwambiri, pansi pa 2 mutha kuyenda nayo, osataya tsiku lonse kusaka 1.0.

Zamagetsi nzosavuta, waya wofiira wa wailesi ku batire kudzera pa fyuzi, wakuda ku chitsulo. Mukamva kulira kokwera ndi kutsika motsatira injini ndi alternator imeneyo, gulani kafyuluta. Mukatha pitani pa tchanelo 19 mupemphe wina akuuzeni mmene mukumvekera, 9 isiyeni ndi ya zangozi. Pakatha sabata kunganinso mabawuti, ndipo mukasuntha eriyo kapena kuika keriya padenga yezaninso SWR.