Kukwera phiri la Klipriviersberg koyamba

Achimwene, mwafunsa za phiri losavuta kwa oyamba kumene. Pitani ku Klipriviersberg, kumwera kwa Johannesburg. Kulowa ndi kwaulere.

Lowerani pageti la ku Peggy Vera Road, ku Kibler Park, cha m'ma 7 koloko m'mawa. Nyamulani madzi malita awiri, chipewa ndi nsapato zogwira pansi, chifukwa timiyala ta pamtunda timaterereka potsika. Yambani ndi njira yotsata mtsinje wa Bloubosspruit, kenako mukwere pang'onopang'ono. Johannesburg ili mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, choncho befu amabwera msanga, makamaka ngati mwangofika kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Salima.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, tsikani 1 koloko isanakwane, poti ziphaliwali zimabwera masana. Musapite nokha, ndipo mbidzi muzionere patali.