Kuchepetsa manyazi: yambirani ku msika, osati pa maikolofoni

Manyazi sachoka podzilimbitsa mtima muli chogona m'nyumba. Amachepa thupi likaona kambirimbiri kuti chimene limaopa chachitika koma palibe choipa chatsatira.

Poyamba siyanitsani manyazi ndi ulemu. Kutsitsa mawu pamaso pa akuluakulu ndi mwambo, usungeni. Manyazi ndi aja okuchititsani kutsika minibasi osafunsa chenji chanu kwa kondakitala, kapena kutuluka m'kalasi simunamve koma osakweza dzanja.

Lembani papepala zinthu 8 kapena 10 zimene mumazemba, chilichonse muchipatse nambala ya mantha kuyambira 0 mpaka 10. Mwachitsanzo, ngati mumakhala ku Mzuzu: kulonjera aneba ku Chibavi, 2, kunenerera mtengo wa tomato ku msika wa Zigwagwa, 4, kufunsa funso m'kalasi ku Mzuni, 6, kupereka ganizo pa msonkhano wa banki m'khonde, 7, kuwerenga mawu m'tchalitchi chodzaza, 9. Yambirani pa 3 kapena 4, muchite tsiku lililonse. Musakwere pa china mpaka nambalayo itatsika ndi theka.

Msika ndi malo abwino ophunzirira chifukwa macheza ake ndi aafupi ndipo mutu wa nkhani ulipo kale. Konzani chiganizo choyamba chokha: "Mayi, mulu uwu mukupanga bwanji?" Mukaloweza zonse, wogulitsa akayankha zina mumasokonezeka. Ngati munachokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo Chitumbuka chimakumangani lilime, gwirani mawu atatu awa: "Mwawuka uli?" m'mawa, "Mwatandala uli?" masana, ndi "Yewo" pothokoza. Ngakhale mupotoze katchulidwe, ambiri amakondwa kuti mwayesa.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Mtima ukayamba kugunda, manja n'kuchita thukuta, munthu amachoka msanga, ndipo mpumulo umene amaumva umaphunzitsa thupi kuti kuthawa ndiko kwamupulumutsa. Mawa mantha amabwera okulirapo. Choncho khalani pomwepo mpaka mantha ayambe kutsika okha. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kenako ikani maganizo pa zimene mnzanuyo akunena, osati pa mmene mawu anu akunjenjemerera. Kunjenjemerako inu mumakumva kwambiri kuposa mmene ena amakuonera.

Siyaninso ndodo zotsamira: kuyang'ana pa foni, kutuma mnzanu kuti akulankhulireni, kapena kumwa kaye botolo limodzi. Mowa ndiwo woipitsitsa, chifukwa mumatuluka mukukhulupirira kuti walankhula ndi mowawo, osati inu. Kulumpha masitepe nakonso kumabweza m'mbuyo: amene akulephera kulonjera aneba asavomere kuyendetsa mwambo wa chinkhoswe Loweruka likubwerali.

Mukamaliza, lembani mizere iwiri: chimene mumaopa kuti chichitika, ndi chimene chachitikadi. Mukatero tsekani kope, musagone mukubwereza mawu alionse amene munanena.

Ngati manthawa atha miyezi 6 kapena kuposerapo ndipo akukujombetsani ku sukulu, ku ntchito kapena ku intavyu, si manyazi wamba ayi, ndipo thandizo lake lilipo. Pitani ku Mzuzu Central Hospital kapena ku Saint John of God, komwe kuli aphungu ndi madokotala a za maganizo, mutatenga pepala lanu lija kuti muwaonetse.