Momwe mungatetezere khanda ku utsi ndi mankhwala a m'nyumba

Mwana akatuluka m'chikuta, makolo amalimbikira kusesa ndi kuchapa matewera, koma zoopsa zina zimabisala m'zinthu zimene tinazizolowera. Khanda limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, mapapo ake ndi anthete, ndipo likayamba kukwawa, chilichonse chimene latola chimapita mkamwa.

Yambani ndi utsi, chifukwa ndiwo mwana amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Amayi akamaphika pamafuwa mwana ali kumbuyo, iye amapumira utsi wonsewo, ndipo utsi wa nkhuni ndi makala umathandizira kuyambitsa chibayo. Phikirani panja kapena m'khitchini modutsa mphepo, ndipo ngati pali wokugwirirani mwana, mpatseni mpaka moto utakolera. Lekani kuyatsira makala majumbo. Zitsononkho ndi tinkhuni touma n'zokwanira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kukavuta, musalowetse mbaula m'chipinda chogona, pakuti makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo koma umapha anthu ali m'tulo. Wosuta fodya asutire kutali.

Kenako yenderani nyumba yonse mutagwada, kuti muone zimene mwana wokwawa angafikire. Palafini wothiridwa m'botolo la Fanta kwa mwana ndi chakumwa basi. Tameki wa makoswe amene amagulitsidwa m'timapepala pamsika ndi poizoni woopsa kwambiri, ndipo m'nyumba ya mwana wamng'ono sayenera kulowamo n'komwe. Msampha ndi mphaka ndi zabwinopo. Actellic wothira m'chimanga, feteleza, Jik ndi mapiritsi zikhale m'zotengera zake zenizeni, pamwamba kapena mokiyidwa, kutali ndi ufa. Chigubu chimene munali mankhwala a mbewu musatungiremo madzi, ngakhale mutachitsuka kangati. Amene wachokera kopopera tomato kapena thonje asambe ndi sopo n'kusintha zovala asananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.

Pa nkhani ya udzudzu, neti yonyikidwa m'mankhwala ndiyo yoyenera khanda, osati koyilo yofuka usiku wonse. Neti yatsopano muiyanike pamthunzi maola 24 musanaipachike. Mukapopera Doom, mwana akhale panja mpaka mutatsegula mawindo ndipo fungo litatheratu.

Zovala ndi matewera muzitsukuluze mokwanira, kenako muziyanike padzuwa. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa. Timibulu tonunkhira tothamangitsa njenjete, timene ambiri amaika m'sutikesi ya zovala za mwana, tichotsenimo. Paudala nayenso si wofunika, popeza mwana amaupumira. Ndipo kwa amayi oyamwitsa ndinene mosabisa: mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amatha kufika kwa mwana kudzera m'mkaka wa m'mawere komanso pokhudzana khungu.

Zikachitika kuti mwana wamwa palafini kapena mankhwala alionse, musamusanzitse, ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, monga mmene ena amalangizirana. Palafini akamabwerera kukhosi amalowa m'mapapo n'kuwononga kwambiri. Ngati mankhwalawo amutayikira, muvuleni zovala n'kumutsuka ndi madzi ambiri. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka bwinobwino, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti adokotala adziwe chimene wamwa.