Kukonza galasi la zenera musanamate sitika ya malonda

Sitika ikayamba kumatuka m'makona mwezi usanathe, ambiri amathamangira kunena kuti guluu wake ndi wachabechabe. Kawirikawiri vuto limakhala galasi. Zenera la shopu ya m'mbali mwa msewu limaoneka loyera, koma limakhala ndi kamafuta kosaoneka ndi maso: utsi wa maminibasi, wa chiwaya cha tchipisi chapafupi, thukuta la zala za ana osuzumira. Guluu amagwira kamafutako m'malo mogwira galasi.

Yambani ndi madzi a sopo. Mu lita imodzi donthezani madontho 3 kapena 4 a sopo wamadzi wotsukira mbale, basi. Akachuluka, nayenso amatsalira pagalasi. Tsukani felemu kaye, makamaka pamwamba ndi m'makona, chifukwa fumbi la m'menemo ndi limene limayenderera kulowa pansi pa sitika mukamamata. Ngati galasi lili ndi mawanga oyera osiyidwa ndi madzi amchere a pamjigo, pakani viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, dikirani mphindi 5, kenako tsukuluzani.

Lezala ndi imene imachotsa timadontho ta penti, simenti ndi zitosi za ntchentche, komanso ndi imene imawononga magalasi ambiri. Ikhale yatsopano, yopanda dzimbiri, ndipo galasi likhale lonyowa nthawi zonse. Ipendeketseni pafupifupi madigiri 30, kankhirani kutsogolo kokha, pobwerera inyamuleni n'kuipukuta. Mukaikoka chobwerera, kamchenga kokodwa pansi pake kamalemba mzere umene sudzafufutikanso. Tcherani khutu: ikamayenda mwakachetechete zili bwino, ikayamba kukhwekhwereza imani. Galasi lolimbitsidwa ndi moto, lokhala ndi kachidindo pakona, limakandika msanga, choncho yesani kaye pakona yobisika. Mbali imene anamatako pepala lakuda lotchinga dzuwa musaikepo lezala n'komwe.

Sitika yakale imasupuka bwino mukaitenthetsa ndi makina oumitsira tsitsi. Guluu wotsalira amafewa ndi palafini, koma palafini ndi mafuta. Mukamugwiritsa ntchito, tsukaninso ndi sopo kawiri.

Chomaliza ndi sipiriti, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yonse. Wabwino ndi isopropyl alcohol: magawo 7 a sipiriti, magawo 3 a madzi oyera. Sipiriti wapepo wa m'magolosale amathandizanso, kungoti mtundu wakewo umatha kutsalira. Gwirani nsalu ziwiri zosathothoka ulusi, ina yonyowa, ina youma. Pukutani kachigawo kakang'ono kuchokera pamwamba, youmayo itsatire sipiriti asanaume. Akauma yekha, mafuta amene anasungunula amabwerera pomwepo. Pindani nsalu pafupipafupi kuti muzipukutira mbali yoyera.

Nyuzipepala imawalitsadi mawindo apakhomo, koma pano isiyeni, inki yake imatsalira. Chimodzimodzi nsalu yotsukuluzidwa ndi mankhwala ofewetsa zovala, ndiponso mankhwala ambiri opopera mawindo, amene amasiya zowalitsa zoterera.

Kuti mudziwe ngati galasi layera, poperani madzi opanda sopo. Akamayala bwinobwino ngati nsalu, layera. Akamaundana timadontho ngati pa tsamba la koko, mafuta akadalipo. Umitsani, pukutaninso ndi sipiriti, ndipo musakhudzeponso ndi chala.

Pa silikoni kapena phala lomatira galasi ku felemu, sitika sigwira. Siyani mpata wa mamilimita 3 mpaka 5 kuzungulira konse.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Masana a mu Okutobala galasi loyang'ana dzuwa limatentha moti sipiriti amauma musanapukute ndipo guluu amagwira musanawongole sitika. Gwirani ntchito mbaliyo ili pamthunzi. Mamawa a mu Juni ndi Julayi, makamaka ku Dedza kapena ku Mzuzu, galasi limachita mame, ndipo kukazizira kuchepera madigiri 10 guluu sagwira bwino, dikirani lifunde. Kukamaomba mwera, wazani madzi pakhonde kuti fumbi lisauluke, ndipo matani mukangomaliza kupukuta. Sitika ya timabowo, yoti am'kati aziona kunja, imamatidwa pouma. Isanafike pagalasi, yendetsani nsalu youma m'mphepete mwa labala ya felemu, chifukwa madzi obisala m'menemo amatuluka mukamatsindira n'kudzaza timabowoto.